Chikalata cha bungwe la odwala khansa ndi owasamalira mu Blantyre pa nkhani ya tayifodi, zilonda za m'mimba ndi khansa ya ndulu

Kwa a Nduna ya Zaumoyo, a ofesi ya zaumoyo m'boma la Blantyre, Khonsolo ya Mzinda wa Blantyre, a Blantyre Water Board, a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, aphunzitsi ndi ofufuza a ku Kamuzu University of Health Sciences ndi a Malawi-Liverpool-Wellcome, aphungu, makhansala, mafumu, azibusa ndi mashehe, komanso inu abale athu a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri.

Ife olemba chikalatachi ndife bungwe la anthu amene akudwala khansa, ena amene tinachira, ndi ena amene takhala tikudwazika abale athu kunyumba ndi m'mawodi. Si ife madokotala. Zimene talemba pano zachokera pa kafukufuku amene anafalitsidwa kale, wina wochitikira m'madera athu omwe ano. Tazilemba m'Chichewa chifukwa anthu amene anapereka magazi awo ndi kubweretsa ana awo pa kafukufukuyo ayenera kumva zotsatira zake m'chilankhulo chimene amayankhula pakhomo.

Nkhani yathu ndi iyi. Pali khansa zina za m'mimba zimene chiyambi chake ndi tizilombo ta bakiteriya timene munthu amamwera m'madzi kapena kudyera m'chakudya, n'kukhala nato m'thupi kwa zaka zambiri osadziwa. Tiwiri mwa tizilomboti tilipo m'madera athu. Tikunena za kachilombo ka tayifodi ndi kachilombo koyambitsa zilonda za m'mimba. Khansa ikakula, chithandizo chake ndi chovuta komanso chodula, ndipo ambiri mwa ife tazionera pakhomo pathu. Koma tizilomboti timatha kupewedwa ndi madzi abwino (ka tayifodi kalinso ndi katemera), timatha kupezeka poyeza, ndipo timaphedwa ndi mankhwala oyenera. Tikupempha kuti nkhondo yolimbana ndi khansa mu Blantyre iyambire pamenepo, pa mpopi ndi pa chipatala chaching'ono, isamadikire wodwala atafika ku Gulupu (chipatala cha Queen Elizabeth) mimba itatupa kale.

Tayifodi ndi thumba la ndulu

Tayifodi amabwera ndi kachilombo kotchedwa Salmonella Typhi. Kameneka sikakhala mwa nkhuku, mbuzi kapena galu. Kamakhala mwa munthu yekha. Kamatuluka ndi chimbudzi cha munthu mmodzi n'kulowa mwa wina kudzera m'madzi kapena chakudya. Wodwala amatentha thupi masiku ambiri, mutu umawawa, m'mimba mumapweteka, ndipo kawirikawiri amayamba waganiza kuti ndi malungo. Chithandizo chikachedwa matumbo amatha kubooka, ndipo pamenepo chotsala ndi opareshoni yamwadzidzidzi.

Ambiri akachira, kachilomboko kamatheratu. Koma mwa anthu 100 alionse amene adwala tayifodi, pakati pa 2 ndi 5 amatsala nako. Kamakabisala m'thumba la ndulu, kachikwama kamene kali pansi pa chiwindi, kudzanja lamanja kunsi kwa nthiti. Ngati m'thumbamo muli timiyala, tizilomboto timamatirira pa timiyalato n'kudzikuta ndi zoterera, monga ndere imachitira pa miyala ya mumtsinje wa Mudi, ndipo mankhwala amavutika kutifikira. Munthuyo samva kanthu. Amapita kuntchito, amaphika, amalera ana, kwinaku tizilombo tikutuluka m'thupi mwake nthawi ndi nthawi kwa zaka zambiri, mwinanso moyo wake wonse. Izi zimachitika kwambiri mwa amayi ndi mwa achikulire, chifukwa ndiwo amakhala ndi timiyala ta m'ndulu kawirikawiri.

Kwa nthawi yaitali achipatala ankada nkhawa ndi anthu oterewa chifukwa chongofalitsa matenda kwa ena. Kenaka kunadziwika kuti iwo eni ake ali pa chiopsezo china. Mu 1979 ofufuza a ku New York anafalitsa zimene anapeza atatsatira mbiri ya anthu 471 amene ankadziwika kuti amasunga kachilombo ka tayifodi. Anapeza kuti anthuwa ankamwalira ndi khansa ya ndulu, ya njira za ndulu ndi ya chiwindi mowirikiza kasanu ndi kamodzi kuposa anzawo opanda kachilomboko. Mu 1994 kunatuluka kafukufuku wina wa ku Scotland amene anasiyanitsa magulu awiri: anthu amene anadwala tayifodi pa mliri wa mu 1964 mumzinda wa Aberdeen n'kuchira, ndi anthu amene anatsala ndi kachilombo kwa nthawi yaitali. Gulu loyambalo silinaonetse chiopsezo chochuluka cha khansa ya ndulu. Gulu lachiwiri linaonetsa chiopsezo chachikulu kwambiri. Mfundo imeneyi tikufuna imveke bwino, chifukwa mabanja ambiri ku Ndirande ndi ku Bangwe anadwazikapo mwana wa tayifodi: kudwala tayifodi n'kuchira bwinobwino sikutanthauza kuti munthu adzadwala khansa. Vuto lili pa kachilombo kotsalira.

Momwe kamachitira zimenezi zinamveka bwino mu 2015, pamene gulu la ofufuza la ku Netherlands Cancer Institute lotsogoleredwa ndi Jacques Neefjes linayeza zotupa za khansa ya ndulu zochokera ku India ndi ku Netherlands. M'zotupa zambiri za ku India munapezeka zizindikiro za kachilombo ka tayifodi. Anaonetsanso mulabotale kuti Salmonella ikalowa m'maselo amene ali kale ndi chilema china, imawakankhira kuti ayambe kuchulukana mosalamulirika, ndipo amapitiriza kutero ngakhale kachilomboko kataphedwa. Onjezani kutupa kosatha kwa khungu la m'kati mwa thumba la ndulu chifukwa cha timiyala ndi tizilombo, chaka ndi chaka. Ndiyo njira imene matenda a m'madzi amasandukira khansa. Ndipo mfundo yoti maselo akasintha sabwereranso ndi imene ikutiuza kuti nthawi yochotsa kachilomboko ndi khansa isanayambe.

Khansa ya ndulu ndi yosowa. Siili m'gulu la khansa zimene zimadzaza mawodi athu, monga ya khomo la chiberekero, ya kummero ndi ya Kaposi. Kumene imapezeka kwambiri ndi kumpoto kwa India, m'chigwa cha mtsinje wa Ganges, komanso ku Chile ndi Bolivia, madera amene timiyala ta m'ndulu n'tofala ndipo tayifodi anakhazikika kwa zaka zambiri. Ku Chile vutoli linafika poti kuyambira mu 2006 boma limatsimikizira opareshoni yochotsa thumba la ndulu kwa anthu a zaka 35 mpaka 49 amene apezeka ndi timiyala, pofuna kupewa khansayi. Choipa chake n'chakuti imayenda mwakachetechete. Pamene maso ayamba chikasu, mkodzo kuda, thupi kuyabwa, munthu kuonda ndi kumva kupweteka kosatha kunsi kwa nthiti zakumanja, nthawi zambiri imakhala itafika kale m'chiwindi.

Chifukwa chake tikulankhula za Blantyre

Wina angafunse kuti bwanji tikudandaula ndi khansa yosowa pamene amayi akutha ndi khansa ya khomo la chiberekero. Yankho lili m'mabuku a chipatala cha Queen Elizabeth. Pakati pa 1998 ndi 2010, odwala amene magazi awo ankatsimikizira tayifodi pachipatalachi ankakhala pafupifupi 14 pachaka. Mu 2011 anafika 67. Mu 2014 anafika 782. Chimene chinasintha chinali kubwera kwa mtundu wina wa kachilomboka, wotchedwa H58, umene sumva mankhwala atatu amene tinkadalira kale: ampicillin, chloramphenicol ndi bakitilimu. Awa anali odwala okhawo amene anafika pachipatala chachikulu n'kuyezedwa magazi. Kafukufuku wa STRATAA, amene anachitika ku Ndirande limodzi ndi ku Dhaka ndi ku Kathmandu, atawerengera ndi odwala amene safika kuchipatala kapena sayezedwa, anapeza kuti mwa anthu 100,000 alionse ku Ndirande, pafupifupi 444 ankadwala tayifodi pachaka.

Tsono ganizani za anthu zikwizikwi amene adwala matendawa mumzinda uno kuyambira mu 2011. Ngakhale titati awiri okha pa 100 ndiwo anatsala ndi kachilombo, anthuwo alipo pakati pathu lero. Khansa ya ndulu imatenga zaka zambiri kuti ionekere, kawirikawiri munthu atapitirira zaka 50. Zotsatira za mliri wa m'zaka zapitazi sizinathe kuoneka. Tikulankhula tsopano chifukwa ino ndiyo nthawi imene munthu wosunga kachilombo angathandizidwe ndi mapiritsi a milungu inayi, kapena ndi opareshoni yochotsa thumba la ndulu ngati muli timiyala. Munthu amakhala moyo wabwinobwino wopanda thumba limeneli.

Tikufunanso kukumbutsa dziko za ngongole imene lili nayo kwa anthu a madera awiri a mzinda uno. Mu 2018 makolo a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa analola ana awo oposa 28,000, a miyezi 9 mpaka zaka 12, kulowa m'kafukufuku woyamba mu Africa wa katemera watsopano wa tayifodi. Theka la anawo linalandira katemera wa tayifodi, theka lina katemera wa matenda oumitsa khosi, ndipo palibe kholo limene linkadziwa umene mwana wake walandira. Ntchitoyi inayendetsedwa ndi a Malawi-Liverpool-Wellcome, a Blantyre Malaria Project ndi a University of Maryland, motsogoleredwa ndi Pulofesa Melita Gordon ndi Pulofesa Kathleen Neuzil. Zotsatira za mu 2021 zinaonetsa kuti jakisoni mmodzi amateteza ana pafupifupi 8 mwa 10 alionse, ndipo za mu 2024 zinaonetsa kuti chitetezocho chinali chikadali cholimba patatha zaka zoposa zinayi. Chifukwa cha umboni umenewu, mu Meyi 2023 dziko la Malawi linabaya katemerayu ana a miyezi 9 mpaka osafika zaka 15 m'dziko lonse, n'kumuika m'ndandanda wa katemera wa kusikelo. Makolo amene analola zimenezi mphekesera zili mkati anachita chinthu chachikulu. Mayiko ena akuteteza ana awo lero potsamira pa kulimba mtima kwa amayi a ku Ndirande ndi Zingwangwa.

Komatu katemera amateteza mwana amene sanadwale. Sachotsa kachilombo mwa agogo ake amene akukasunga m'ndulu, ndipo satsuka mtsinje.

Za madzi

Kafukufuku wina wa mu Blantyre, amene anatuluka mu 2020, anayerekeza ana odwala tayifodi ndi anzawo osadwala. Anapeza kuti chiopsezo chinali chachikulu m'mabanja amene amaphikira ndi kutsukira madzi a mumtsinje, ngakhale akumwa madzi a pampopi, komanso m'mabanja amene amatunga madzi akumwa malo angapo. Ofufuza ena atayeza madzi a m'mitsinje ndi m'ngalande za mumzinda uno anapezamo zizindikiro za kachilombo ka tayifodi. Palibe mayi amene amapita ku Nasolo, ku Naperi, ku Likhubula kapena ku Lunzu ndi mbale zake chifukwa chokonda. Amapita chifukwa pakiyosiki pauma, kapena ndalama ya ndowa yachiwiri palibe. Tikudziwa kuti madzi ambiri a Blantyre amachita kupopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, mtunda wautali wokwera phiri, ndipo magetsi akavuta mipopi imauma. Tikudziwanso kuti namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anaphwanya mapaipi ndi kugumula zimbudzi m'madera ambiri a mzinda uno, pa nthawi imene dziko linali pakati pa mliri wa kolera umene unapha anthu oposa 1,700.

Kolera amapha m'maola ochepa, choncho amachititsa misonkhano, amachedwetsa kutsegulira sukulu monga zinachitikira mu Blantyre ndi Lilongwe mu Januwale 2023, ndipo klorini amagawidwa khomo ndi khomo. Mliri ukatha, klorini amatha nawo. Tayifodi amayenda njira yomweyo ya kolera koma sachita phokoso, ndipo zina mwa zotsatira zake zimadzaoneka patapita zaka makumi awiri kapena atatu. Kwa a Blantyre Water Board ndi a Khonsolo, pempho lathu ndi lakuti pamene madzi akuvuta, makiyosiki a m'madera odzaza anthu akhale oyamba kuganiziridwa, ndipo tsiku ndi nthawi imene madzi adzatuluke zizilengezedwa kuti mabanja azitunga mokonzekera. Tikupemphanso kuti mapaipi odutsa m'ngalande akonzedwe msanga akaphulika, chifukwa mpopi ukauma zonyansa zimalowera pong'ambika, madzi akabwera zimafika m'ndowa. Ntchito yopopa zimbudzi zodzaza ikhale yotsika mtengo ndi yoyang'aniridwa, kuti anthu asamadikire mvula n'kutsegulira zonyansa mumtsinje usiku.

Zilonda za m'mimba

Kachilombo kachiwiri ndi Helicobacter pylori. Kanadziwika mu 1982 ku Perth, m'dziko la Australia, ndi madokotala awiri, Robin Warren ndi Barry Marshall. Pa nthawiyo ambiri ankakhulupirira kuti zilonda za m'mimba zimabwera ndi nkhawa ndi zakudya, ndipo Marshall anachita kumwa tizilomboto mu 1984 kuti anzake akhulupirire. Mu 1994 bungwe lofufuza za khansa la World Health Organization linakaika m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa, ndipo mu 2005 awiriwa analandira mphoto ya Nobel. Kachilomboka kamalowa munthu akadali mwana, makamaka m'nyumba zopanikizana ndi kumene madzi ndi ovuta. Pafupifupi theka la anthu padziko lonse ali nako, ndipo kuno ku Africa n'kochuluka kuposa apo. Ku Lusaka kafukufuku anakapeza mwa akuluakulu pafupifupi 8 mwa 10 alionse. Ambiri sikawadwalitsa konse. Ena kamawapatsa zilonda, ndipo ochepa, mmodzi mpaka atatu pa 100, amadzadwala khansa ya chifu.

M'madera athu mawu akuti "ndili ndi maalasa" angosanduka chizolowezi. Munthu amatha zaka akumwa mkaka, akutafuna mapiritsi oziziritsa m'mimba, akusala tsabola ndi zakumwa za gasi, osayezedwa ngakhale kamodzi. Pamene kachilomboka kamatha kupezeka poyeza chimbudzi kapena poona m'chifu ndi kachubu ka kamera, ndipo chithandizo chake ndi mankhwala awiri opha tizilombo pamodzi ndi ochepetsa asidi, kwa masiku 14. Ku Gulupu kuli gawo loona m'mimba ndi kamera limene limaphunzitsanso madokotala ndi anamwino a zipatala zina. Chimene tikupempha ndi chakuti njira yofikira kumeneko ikhale yodziwika kwa wogwira ntchito aliyense pa zipatala za Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi South Lunzu. Munthu amene akusanza magazi, amene chimbudzi chake chada ngati phula, amene chakudya chikumutsamwa, amene akuonda popanda chifukwa, kapena amene wapitirira zaka 40 ndipo m'mimba simukusiya kupweteka, asabwezedwe ndi mapiritsi omwe aja kachitatu. Kabuku kake ka kuchipatala kamaonetsa kuti wabwera kangati ndi dandaulo lomwelo. Kawerengedwe.

Pali khansa imodzi yosowa ya m'chifu, yotchedwa MALT lymphoma, imene ikapezeka msanga imatha kuzimiririka pongopha kachilomboka. Madokotala a ku London ndi ku Italy anaonetsa zimenezi mu 1993 mwa odwala asanu pa asanu ndi mmodzi. Palinso khansa ina yosowa kwambiri, pseudomyxoma peritonei, imene imagwira munthu mmodzi kapena awiri pa miliyoni pachaka. Imayambira m'kathumbo ka apendikisi n'kudzaza mimba ndi zinthu zonanda. Ofufuza a ku America kuyambira mu 2008 anapeza mabakiteriya, kuphatikizapo Helicobacter pylori, m'zotupa zake, ndipo anayesa kuwonjezera mankhwala opha tizilombo pa chithandizo. Mpaka pano chithandizo chovomerezeka cha khansa imeneyi ndi opareshoni yaikulu pamodzi ndi mankhwala a khansa otenthetsa amene amathiridwa m'mimba. Tatchula ziwirizi mwadala, chifukwa nkhani zake zimayenda m'mafoni zitapotozedwa, ndipo zimathera pa uthenga wonena kuti makapusozi amachiza khansa.

Makapusozi sachiza khansa

Tikunena mosapita m'mbali. Kupatula khansa imodzi ija ya MALT lymphoma, imene dokotala amaitsimikiza atadula kanyama n'kukayeza, mankhwala opha tizilombo sachiza khansa imene yayamba kale. Munthu amene ali ndi chotupa m'mimba akamamwa amoxicillin wa pamsika akungotaya nthawi imene akanapulumukira. Choopsa china n'chakuti kumwa mankhwalawa mwachisawawa, awiri lero atatu mawa, ndi kumene kumaphunzitsa tizilombo kusamva. Tinataya kale mankhwala atatu a tayifodi. Amene tikudalira tsopano ndi ciprofloxacin, ndipo ofufuza apeza kale mu Blantyre tizilombo tina ta tayifodi timene tayamba kusaimva bwino. Ku Pakistan kuyambira mu 2016 kuli tayifodi wosamva pafupifupi mankhwala onse akumwa kupatula amodzi. Ciprofloxacin yemweyo ndi amene amachotsa kachilombo kobisala m'ndulu. Tikamutaya, tataya chithandizo cha mwana wodwala lero ndi chitetezo cha mayi ake cha mtsogolo. Safunsa anadya phula: musanamwe mankhwala opha tizilombo, kayezetseni, ndipo mukapatsidwa malizani onse ngakhale thupi litapepuka pa tsiku lachitatu.

A Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lamulo loti mankhwalawa azigulitsidwa ndi chikalata cha dokotala lilipo. Tikupempha kuti ligwire ntchito m'misika ya Ndirande, Bangwe ndi Limbe monga limagwirira m'mafamase a m'tauni. Koma tikuonjeza kuti anthu amathamangira kumsika pamene pachipatala auzidwa kuti mankhwala atha. Kulanda katundu wa ogulitsa popanda kudzaza mashelefu a chipatala sikudzathetsa kanthu, ndipo mbali imeneyo ndi ya Unduna.

Tisasalane

Mbali iyi tinaikambirana nthawi yaitali, chifukwa tikudziwa zimene mawu angachite akagwa m'makutu molakwika. Khansa siipatsirana. Simungaitenge podyera mbale imodzi ndi wodwala, pomusambitsa kapena pogona naye chipinda chimodzi. Chimene chimapatsirana ndi kachilombo ka tayifodi kapena ka zilonda, ndipo chotchinga chake ndi sopo, chimbudzi chabwino ndi madzi otetezedwa. Khansa ya m'mimba sikulodzedwanso. Ambiri mwa ife taonapo banja likugawikana, azakhali akunenedwa kuti ndiwo anaika chinthu m'mimba mwa wodwala, ndalama zikupita kwa asing'anga pamene yolipirira sikani palibe. Azibusa ndi mashehe athu, pemphererani odwala, ndipo mukatha kupemphera afunseni ngati apita kukajambulitsa.

Za anthu osunga kachilombo, mbiri ili ndi chenjezo. Mary Mallon, wophika wa ku New York, anadziwika mu 1907 kuti amafalitsa tayifodi iye osadwala. Anatsekeredwa pachilumba kwa zaka zoposa 25 zonse pamodzi, mpaka anamwalirira komweko mu 1938. Kuno kwathu amene angakhale pa malo ake ndi mayi wogulitsa mandasi pa depoti, wophika phala kusukulu, mtsikana wantchito za pakhomo. Ngati kuyeza kudzatanthauza kutaya ntchito ndi kulozedwa chala, palibe adzabwere, ndipo kachilomboko kadzapitiriza kuyenda mobisa. Choncho tikupempha kuti kuyeza kulikonse kukhale kwachinsinsi ndi kwaulere, kutsatidwe ndi chithandizo nthawi yomweyo, ndipo munthu akachira abwerere pa ntchito yake. Munthu wosunga kachilombo ndi wodwala amene akufunika kutetezedwa ku khansa, si wolakwa.

Zimene tikupempha kwa Unduna ndi ofufuza

Gawo 13 la malamulo aakulu a dziko lino limalamula boma kuyesetsa kupereka chithandizo cha zaumoyo chogwirizana ndi zosowa za Amalawi. Potsamira pamenepo, tikupempha Unduna wa Zaumoyo kuti ukhazikitse ndondomeko yotsatira anthu akuluakulu amene achira tayifodi wotsimikizika, makamaka amayi ndi achikulire, kuti ayezedwenso chimbudzi ndi kujambulidwa ndulu. Pakhomo pamene tayifodi wabwereza kawiri kapena katatu, alangizi a zaumoyo akhale ndi mphamvu yotumiza akuluakulu a pakhomopo kukayezetsa. Makina ojambulira m'mimba amene amathandiza amayi oyembekezera amaonanso timiyala ta m'ndulu, ndiye chofunika kwambiri ndi kuphunzitsa ogwira ntchito m'zipatala zazing'ono. Thumba la ndulu lililonse lochotsedwa pa opareshoni lizipita kukayezedwa kulabotale, chifukwa m'mayiko ambiri khansa ya ndulu imene imachizika ndi imene yapezeka mwa njira imeneyi, ikadali yaing'ono.

Kwa osunga kaundula wa khansa wa dziko lino, amene ali konkuno ku Blantyre, tikupempha kuti ziwerengero za khansa ya ndulu ndi ya chifu zizilengezedwa chaka ndi chaka, motchula madera, kuti ngati zikukwera pambuyo pa mliri wa tayifodi tidziwe msanga. Kwa ofufuza a KUHeS ndi Malawi-Liverpool-Wellcome, tikuthokoza ntchito imene mwagwira ndipo tikupempha ziwiri: pitirizani kufufuza njira yodalirika ndi yotsika mtengo yopezera anthu osunga kachilombo, ndipo bwererani m'maholo, m'matchalitchi ndi m'misikiti ya ku Ndirande ndi Zingwangwa kukafotokoza zimene mwapeza, osati kamodzi kokha.

Tikuyamikira kuti chithandizo cha khansa m'dziko muno chikusuntha. Kuyambira mu 2024 odwala ena akulandira chithandizo chowotcha khansa ndi makina ku International Blantyre Cancer Centre, pamene kale ankachita kupita kunja, ndipo ku Lilongwe kuli chipatala cha khansa cha boma. A Tiyanjane ku Gulupu akhala akuchepetsa ululu wa abale athu amene matenda anafika patali. Zonsezi n'zofunika ndipo tikufuna zichuluke. Koma pa khansa ya ndulu chimene chimapulumutsa moyo ndi opareshoni yochitika msanga, ndipo chimene chingachepetse odwala ndi zonse tatchula pamwambapa.

Mbali yathu

Ife monga bungwe tikudzipereka kuyenda ndi alangizi a zaumoyo m'madera athu asanuwa, kufotokoza nkhaniyi m'magulu a amayi, m'mabanki a m'mudzi ndi pa misonkhano ya mafumu. Tidzalimbikitsa kholo lililonse kuona m'kabuku ka mwana ngati analandira katemera wa tayifodi atakwana miyezi 9, ndipo ngati sanalandire, kupita naye kusikelo. Tidzakumbutsa mabanja kuthira klorini kapena kuwiritsa madzi, kuphatikizapo otsukira mbale ndi ndiwo zamasamba ngati achokera kumtsinje kapena pachitsime. Mamembala athu adzaperekeza kuchipatala aliyense amene ali ndi zizindikiro tatchulazi koma akuopa kupita yekha. Mafumu ndi makhansala tikukupemphani kuti mutipatse mpata wolankhula pa misonkhano yanu.

Tikupempha a ofesi ya zaumoyo m'boma la Blantyre, a Khonsolo ndi a Blantyre Water Board kuti atiyankhe polemba pa mfundo zowakhudza, ndipo ndife okonzeka kukumana nawo pa tsiku limene angasankhe. Mayankho amene tidzalandire tidzawawerenga poyera pa misonkhano yathu ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri.

Komiti yaikulu,
m'malo mwa mamembala onse a bungwe
Blantyre